A Boaz Mbewe, Mwana Woyamba wa a Dolika

Malemu agogo athu, a Boaz Mbewe, anabadwa pa 9 Malichi 1943, m'nyumba za antchito pa famu ya fodya kumpoto kwa tauni ino, nthawi imene Chipata ankatchedwa Fort Jameson.

Ndisanapitirire, abusa, akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano, anamfedwa ndi inu nonse mwadzaza bwalo lino la ku Kapata, mundikhululukire. Ndine Vailet, mdzukulu wawo, mwana wa a Tereza. Ndangomaliza kumene Giredi 12, ndipo ndikudziwa kuti mbiri ya malemu siwerengedwa ndi mtsikana wa msinkhu wanga. Koma akuluakulu anapatsirana ntchitoyi ngati khala lamoto mpaka inagwera ine. Chifukwa chake mukuchidziwa, ngakhale mwazolika. Thupi lili apa m'bokosi, nyimbo taimba, koma ambiri a inu simukudziwa kumene tipite nalo tikachoka pano. Agogo anapempha kukagona pambali pa amayi awo, kumudzi kwa Chizenga, kufupi ndi Tamanda. Kwa Chizenga okumba manda sagwira khasu mpaka mwini mbumba, mwamuna woyang'anira alongo ake ndi ana awo, atayamba watema pansi kuloza malo. Mwini mbumba lero ndi mng'ono wa malemu, agogo a Bwezani, amene akhala apo pampando wakutsogolo, ndipo akana kutema. Wowerenga mbiriyi ayenera kuilambalala nkhaniyi kapena kuipyoza. Ine kulambalala sindinaphunzire.

Amayi a malemu anali a Dolika, amene pa nthawiyo anali namwali wosankha fodya m'shedi. Bambo wake wa mwanayo anali mzungu woyang'anira famu. Dzina lake timalidziwa. Sindilitchula pano, chifukwa iye sanatchulepo dzina la mwana wake ngakhale kamodzi. Anapita kumwera mwanayo asanayambe kukwawa. A Dolika anabwerera kwa Chizenga wapansi, atabereka khanda lofiira, la tsitsi lofewa, ndipo anthu anatuluka m'nyumba kudzasuzumira pansalu. Amene anathetsa manong'onong'o anali alongo awo, a Lazaro Mbewe, mwini mbumba wa masiku amenewo. Analandira mwanayo, namutcha Boaz, namupatsa mfunda wawo, nati: "Tambala angakhale wa khola liti, anapiye ndi a thadzi." Pambuyo pake a Dolika anakwatiwa ndi a Sakala, nabala agogo a Maliya mu 1948 ndi agogo a Bwezani mu 1952. Atatu onsewa anayamwa bere limodzi. Msana woyamba umene a Bwezani anakodzera, kupatula wa amayi awo, ndi umene wagona m'bokosimu.

Malemu anayamba sukulu ku Tamanda mu 1951. Anzawo ankawatcha bwana wopanda nsapato. Mu 1954 amesinjala a boma anabwera kudzanena kuti ana a magazi a azungu ali ndi sukulu yawoyawo m'tauni, ndipo anawakweza pa lole a Dolika akulira. Kumeneko anawagoneka pa bedi, anawaletsa Chinyanja, anawaphunzitsa kuti mkaladi ali pamwamba pa munthu wakuda koma pansi pa mzungu, ndipo asayese kukwera kapena kutsika. Chaka chisanathe anathawa, nabwerera kwawo mapazi atang'ambika. Ankakonda kutiuza kuti: "Kumeneko anandiuza kuti ndine theka la chinthu chabwino. Kwa Chizenga ankandinena, inde, koma pa mbale ndinali munthu wathunthu." Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi anasankha yekha kwawo, ndi miyendo yake. Ambiri a ife kwathu tinangokupeza.

Kuyambira 1962 analowa m'gulu la achinyamata omenyera ufulu. Masiku amenewo munali masitolo m'tauni muno amene munthu wakuda ankagulira pa zenera. Agogo akanatha kulowera pakhomo, khungu linkawalola, koma ankaima pamzere wa pa zenera pamodzi ndi anzawo, mwini sitolo akuwakodola kuti alowe. Anapalasa njinga kufikira kumalire a Mwami kukalalikira za ufulu. Apolisi a chizungu ankawatcha wopandukira magazi ake. Ena mwa anzawo, akangotembenuka, ankanong'ona kuti munthu wofiira chotere sangalephere kukhala kazitape. Anamenyedwa uku, nakayikiridwa uku, koma mu Okutobala 1964 anavina pabwalo mpaka malaya kung'ambika, poganiza kuti nkhani ya khungu yatsika pamodzi ndi mbendera ija. Kalanga ine, agogo anga, munali okhulupirira msanga.

Anachita maphunziro a uphunzitsi, ndipo mu Januwale 1966 anayamba ntchito yophunzitsa mabuku a Chingerezi ku sekondale. Pano pali madokotala, oyendetsa mathiraki ndi amayi a pamsika amene anadutsa m'manja mwawo, ndipo akhoza kundichitira umboni. Mabuku ambiri a m'masiku amenewo analembedwa kutsidya kwa nyanja, kalekale, ndi anthu amene dziko lino anangoliona ali pa machila. Agogo ankati m'mabuku amenewo muli anthu a mitundu itatu. Mzungu ali ndi dzina, ali ndi maganizo, ali ndi bwenzi lomudikira kwawo. Munthu wakuda amasenza katundu, alibe dzina, akafa tsamba limangotembenuzidwa. Ndiye pali wapakati, wonga iwo, amene wolemba amamupatsa dzina kuti amusandutse wachinyengo, wosadalirika kwa onse, kenako n'kumupha buku lisanathe. Mabukuwo sanadane nawo. Ankawakonda zedi, ankati ndi uchi umene njuchi idakali momwemo, ukamadya uzitsegula maso. Akafika pamene wosenza katundu wagwa m'njira, ankatseka buku n'kufunsa kalasi: "Uyu wagwayu, amayi ake ndani? Kwawo n'kuti? Akalira ndani?" Palibe ankatuluka mpaka munthu uja atapatsidwa dzina, mudzi ndi omulira.

Za ukwati wawo mundilole ndichedwepo pang'ono, pakuti m'mbiri yonseyi pokoma m'pomwepa. Mu Disembala 1967 basi yochokera ku Mwami inafa pamsewu mvula ikugwa. Onse anatsika kukabisala pansi pa mtengo. Panali mtsikana wina wophunzira unamwino, dzina lake Millicent, ndipo ambulera inali ndi iye yekha. Anaona mnyamata wamtali atavula jekete n'kukulunga mabuku, iye mwini akunyowa ngati nkhuku. Mtsikanayo anayandikira, nafunditsa ambulera mabukuwo, osati mwini wake, ndipo anaima chomwecho onse awiri akunyowa, osalankhulana, mpaka basi inalira. Agogo aakazi, amene akhala pa mphasa apo, amati anadziwa tsiku lomwelo. Atate a mtsikanayo anaukana ukwatiwo. Anafunsa kuti, ana ako adzakhala a mtundu wanji? Iwo anayankha kuti, a mtundu wanga. Anakwatirana mu mpingo pa 17 Ogasiti 1968, ndipo akhala limodzi zaka makumi asanu ndi zisanu, ndi miyezi pamwamba. Ine ndimati ndikaona anyamata a masiku ano, amene chikondi chawo chimatha pamodzi ndi mabandulo a pa foni, ndimangoti ndidikira mvula yanga. Pepani abusa, ndabwerera.

Mu 1984 a Lazaro anamwalira, ndipo udindo wa mbumba unagwera malemu monga mwana wamwamuna woyamba wa a Dolika. Palibe anatsutsa. Ndiwo anatema malo a manda a atsibweni awo. Ndiwo anatema malo a amayi awo mu 1989. Ndiwo ankaweruza timilandu ta alongo, kuperekeza odwala, kulandira akamwini. Zaka zonsezo khasu silinafunse kuti dzanja lolinyamula ndi lofiira kapena lakuda.

Tsopano tafika mu 1992, chaka chimene akuluakulu anandipempha kuti ndidumphe. Sindidumpha. Kunali chisankho cha makhansala. Alimi a kwathu anapempha agogo kuti aime paokha, opanda chipani, chifukwa mtsinje wa kwa Chizenga unalibe mlatho, ndipo dzinja lililonse mtedza ndi thonje zinkaolera tsidya lina, amayi apakati n'kumachirira m'mphepete mwa madzi. Agogo anavomera. Chipani chinaimika a Bwezani. Palibe cholakwa kuti abale apikisane. Akanatha kunena kuti mkulu wanga ndi munthu wa mabuku, sadziwa za simenti. Akanatha kunena kuti amakhala m'tauni. Koma pamsonkhano wa pamsika, pamaso pa anthu amene anabadwa akuwaona, a Bwezani anakwera pa ngolo nati: "Tinathamangitsa atate ake mu 1964. Lero tivotere mwana?" Anthu anaseka. Ena mwa oseka aja muli pano, mwavala zakuda, ndipo mwaimba bwino kwambiri m'mawa uno. Kunabwera ndi nyimbo, anyamata akuimba pa lole: bwana wabwera, bisani nkhuku, wa tsitsi la chimanga afuna ufumu. Amayi anga anali mtsikana wa sukulu ya uphunzitsi, ndipo anaimbiridwa nyimbo imeneyi pa chitsime. Mpaka lero akamva lole ya kampeni amatseka mazenera.

Malemu anayankha kamodzi kokha. Anaimirira pamsonkhano wawo, anthu ochepa, nati: "Bwezani, ine ndi iwe tinayamwa bere limodzi. Ngati ndili mlendo, kafunse berelo." Anagonja pa chisankho, napita kukagwira chanza mng'ono wawo.

Zikanathera pomwepo tikanati ndi ndale, zimapita ndi mphepo. Koma munthu akanama pagulu amayenera kulidyetsa bodzalo tsiku ndi tsiku kuti lisafe. Chaka chotsatira a khansala anaitanitsa banja n'kunena kuti mbumba ya kwa Chizenga singayang'aniridwe ndi mwana wa mzungu, ndipo khansala sangakhale pansi pa mkaladi. Akulu amene akanatsutsa anali atagona kale kumanda. Otsala ankafuna makuponi a feteleza. Agogo anatula udindo mwakachetechete, poopa kugawa mudzi wa amayi awo. Ine ndikanakhalapo sindikanalola, ndipo ndinawauza. Iwo anangoseka.

M'kalasi, chitapita chisankho chija, anayamba kunena mawu ena atsopano. Ankati: "Ndinkayesa bodza la m'mabukuli ndi la azungu okha. Abale anga aliloweza bwino kuposa ana a sukulu." Ndipo n'zoona. Agogo a Bwezani, ndi ulemu wonse, sindikudziwa ngati munawerengapo limodzi la mabuku aja. Koma mutu wonena kuti munthu wapakati ndi wosadalirika munaunena pamtima osaphonya liwu. Mzungu wa pa famu uja akanakumvani akanakuomberani m'manja. Munakhala khansala zaka zambiri. Mlatho uja kulibe, mpaka lero timawoloka titapinda zovala.

Zaka za m'ma 1990, matenda aja atalowa m'midzi, ana aamuna awiri a agogo a Maliya anadwala motsatizana. Malemu ankapalasa njinga Lachisanu lililonse akaweruka, kukawasambitsa, kuwatembenuza, kuchapa zofunda zimene ena ankaopa kuzikhudza. Pa tsiku la maliro mwini mbumba ankafika pa galimoto, n'kutema kamodzi, n'kupukuta m'manja ndi mpango. Agogo ankaima kumbuyo, pamodzi ndi alendo.

Anapuma pa ntchito mu 1998, nakhazikika kuno ku Kapata. Anali mkulu wa mpingo, ankalima dimba la repu kuseri kwa nyumba, ndipo ana a oyandikana nawo ankabwera kudzaphunzira pakhonde osalipira. Mu 2011 anapezeka ndi matenda a shuga. Pofika 2020 maso anali atachita mdima, ndipo ntchito yowawerengera inakhala yanga. Ndikaweruka kusukulu tinkakhala pakhonde, iwo atatsinzina, ine ndikuwerenga mabuku omwe aja. Tinkakangana kwambiri. Tsiku lina ndinaponya buku pansi n'kunena kuti sindiwerenganso zonyoza anthu. Anandiuza kuti nditole, ndilipukute, ndipitirize, pakuti wotseka buku pamene lamunyoza sadziwa pomwe bodza lathera, ndipo akadzakumana nalo pamsika litavala suti sadzalizindikira. Ndinkawauza kuti ine ndidzalemba mabuku anga, momwe anthu onga iwo adzakhala ndi moyo mpaka tsamba lomaliza, n'kukwatira, n'kukalamba. Ankati fulumira, ndimve ndisanapite. Sindinafulumire mokwanira. Chinthu choyamba chimene ndalemba chokhudza iwo ndi ichi ndagwirachi.

M'mwezi wa Meyi chaka chino impso zinafooka, ndipo anagonekedwa kuchipatala chachikulu. A Bwezani anabwera kudzawaona kamodzi. Ine ndinalipo, agogo aakazi analipo, amalume a Lawrence analipo. Malemu anafufuza dzanja la mng'ono wawo pa bulangeti, naligwira, nati: "Ukandiike kwa amayi." A Bwezani anayankha kuti tidzaona. Malemu anatisiya m'mawa wa pa 11 Juni 2024, ali ndi zaka 81, agogo aakazi atawagwira mutu.

Uthenga wa maliro utapita kwa a Bwezani, yankho linabwera lakuti kwa Chizenga kumagona a kwa Chizenga, ndipo m'tauni muli manda a anthu osakanizika, akagone kumeneko. Amalume a Lawrence anapita ndi nkhuku kukapepesa, osadziwa chimene akupepesa. Nkhuku inalandiridwa, mawu sanasinthe. Abusa anayesa. Anyakwawa anati ndi za m'banja. Ine ndinadabwa kuti munthu angaope chiyani kwa mtembo, mpaka amayi anandimasulira: a Bwezani akatema malowo, ndiye kuti avomera kuti zimene ananena pa ngolo paja zinali zabodza, ndipo pa bodza limenelo ndi pamene anamangira ukulu wawo wonse. Choncho mkulu wawo agone pakati pa alendo kuti mawu a mu 1992 asachite manyazi.

Malemu asiya mkazi wawo, a Millicent. Ana atatu, a Tereza, a Lawrence ndi a Rabecca. Adzukulu asanu ndi anayi, ndi ana a adzukulu awiri. Asiya mlongo wawo, a Maliya. Asiyanso mng'ono mmodzi, pakuti iwo sanaleke kumutcha mng'ono.

Banja likuthokoza anamwino amene anawasamalira ngati atate awo. Likuthokoza amayi a Chigwirizano amene agona pansi ndi agogo aakazi chiyambire, oyandikana nafe amene abweretsa nkhuni ndi madzi, ndi ophunzira akale a malemu amene abwera ndi lole iyo yaima pamsewu, osadziwa n'komwe ngati ilowera kumudzi kapena kumanda a m'tauni.

Kuthokoza komaliza ndalemba ndi bolopeni m'munsi mwa pepala, chifukwa foni yafika kwa amayi nyimbo zili mkati. Mwina mwadabwa kuti agogo a Maliya sali pa mphasa pa maliro a mlongo wawo. Anabwerera kumudzi dzulo osatsanzika. Lero kutacha, mayi wa zaka 76, wodwala miyendo, watenga khasu lake lolimira mtedza n'kulowa kumanda, kumene mkazi saponda dzenje lisanakumbidwe. Okumba manda anawatsatira kuti awabweze. Iwo anapitirira mpaka pamene pagona a Dolika, natema pambali pake, natembenuka n'kunena kuti: "Mbumba imene mukuinenayo ndine. Ndabala, ndaika ana anga muno. Bwezani ndi mlonda chabe, ndipo mlonda satsekera mwana wa m'nyumba panja. Kumbani. Ngati pali tsoka, ligwere ine." Anyamatawo anayang'anana, wina analandira khasu m'manja mwawo, ndipo pamene ndikulankhula pano dzenje latha. Agogo a Maliya akhala pa mulu wa dothi, akana kuchoka mpaka mlongo wawo afike.

Choncho, abale ndi alongo, tikatha kuona nkhope, lole ilowera msewu wa ku Tamanda. Ndi chilimwe, mtsinje tiwoloka.

Agogo a Bwezani, malo anu alipo kutsogolo, pafupi ndi dalaivala. Palibe akuletseni, ndipo palibe akuimbireni nyimbo, chifukwa amene tikukaikayu sanatilere chomwecho. Khasu lanu silikufunikanso. Chatsala ndi dothi la m'manja, lija aliyense amaponya potsanzika. Kuponya kapena kusaponya zili kwa inu, ndipo mudzi wonse udzakhala ukuona.

Agogo a Boaz, a Mbewe, mwana woyamba wa a Dolika, nyamukani tizipita kwanu. Mzimu wanu ukause mumtendere, pambali pa amayi anu.